Kakowa ndi Ng'ombe ya Mtulo

Panangokhala! Eya, vomerani kuti tili tonse, chifukwa nthano ino siyenda bwino pakati pa anthu otseka pakamwa.

Panangokhala Mfumukazi Nyalugwe, mwini dziko, amene nyama zonse zinkamuwombera m'manja. Ukalamba utamupeza, mano ake anayamba kugwedera. Zikhadabo zinalipo, mawu oopsa aja analipo, koma akaluma nyama ya mbawala ankangoitembenuza m'kamwa, kenaka n'kukailavula kuseri kwa nyumba. Chinsinsi chimenechi ankachidziwa ndi awiri okha. Woyamba anali a Muimba, mbalame yodya mitembo, nduna yaikulu, amene ntchito yawo inali kuyesa nyama isanafike pakamwa pa mfumu. Wachiwiri anali Kakowa, kambalame koyera koyenda pakati pa ng'ombe, amene sanauzidwe ndi munthu koma anangoona yekha. Kakowatu maso ake sankaphonya kanthu, ndipo pa kuyimba panalibe mbalame yomuposa.

Tsiku lina Nyalugwe anaitanitsa bwalo.

"Ndikufuna kumanga chiliza cha mayi anga," anatero, "ndipo mafumu onse adzabwera kudzadya. Ng'ombe zindipatse mtulo wa mwana mmodzi wamphongo. Ameneyo aleredwe, anone, nyama yake ikhale yoti ngakhale khanda lingatafune. Zikatero ndisiya kugwira ng'ombe kudambo."

Onse anati mfumu ikufuna kulemekeza alendo. Koma Kakowa anadziwa kuti Nyalugwe akuopa kuchita manyazi, kulimbana ndi nthuli pamaso pa mafumu anzake.

Ng'ombe zinalira, koma zinapereka. Maere anagwera Thobwa, mwana wofiirira ngati thobwa la mawere, wofatsa, wosadziwa kunama. Tsono Thobwayu kwa Kakowa sanali mnzake chabe. Kakowa ali kamwana anagwa m'chisa, ndipo mayi ake a Thobwa ndiwo anamulera pakati pa miyendo yawo, n'kumamuvumbulutsira ziwala poyenda mu msipu. Awiriwa ankatchulana chilongo.

"Mwana wanga Kakowa," anatero mayiwo, "ine kwa mfumu sindingafikeko. Mlongo wako usamusiye."

"Amayi, pukutani misozi. Ameneyu sadyedwa, ine ndilipo."

Kulonjeza kwake kunali kwa pakamwa popepuka, koma mutu unali utayamba kale ntchito. Mfumu sinkafuna nyama wamba, inkafuna yofewa. Nyama ikapanda kufewa, chiliza chidikira, mpeni nawo udikira. Ndipo Kakowa, wokulira m'miyendo ya ng'ombe, ankadziwa chimene nduna zonse sizinkadziwa: kuti thupi la ng'ombe limapangidwa ndi malo amene imaima ndi kugona, osati udzu wokha.

Atafika naye Thobwa pabwalo, Nyalugwe anafunsa: "Tsono ameneyu timusunge motani kuti anone?"

Nduna zinangoyang'anana. Kakowa anadumphira kutsogolo, n'kuweramitsa khosi.

"Wawa amfumu. Ine ndine kambalame chabe, nzeru ndilibe. Koma taonani a Njiri. Khosi limenelo, mimba imeneyo! Kodi amagona pati?"

"M'matope!" anayankha a Njiri okha, mchira uli njo.

"Mwamva nokha, amfumu."

Basi a Njiri anapatsidwa ukapitawo wa khola. Anazika mitengo pamalo otsika, pamene madzi onse amathera, denga osaika. Mvula itagwa, abale inu, munasanduka phala la matope ndi ndowe lofika m'mawondo. Thobwa pogona analibe, ankangoima usana ndi usiku womwe. Udzu umene ankamuponyera unkamira asanaudye. Ziboda zinafewa, zinatupa, n'kuyamba kununkha. Kachakudya kamene kalowa m'mimba kankathera kunjenjemera.

"Achemwali, mapazi akundiwotcha," ankatero.

"Pirira, mlongo wanga. Kuwonda kwakoku ndiye moyo wako."

Akatero Kakowa ankatera pa linunda lake n'kuyamba nyimbo. Inali nyimbo yapansipansi, yonga yotonthozera mwana kumsana. Inkamuuza mwana wa ng'ombe kuti atsitse makutu, apume bwino, msipu sunathe ndipo mawa kuli tsiku lina. Pothera pake pankafunika wovomera, ndipo Thobwa ankavomera ndi kulira kwake kwakukulu kuja. Akavomera katatu, kunjenjemera kunkaleka.

Dzinja litatha anabwera a Muimba. Kuyesa kwawo kunali kwa mlomo: ankajompha panthiti, patsinde pa mchira ndi pa linunda. Anajompha, go! Anajomphanso, go!

"Amfumu, apa pali chikopa chokutira mafupa. Muphe lero, alendo adzamwa msuzi wokha."

Nyalugwe anabangula. A Njiri anawalanda ukapitawo, ndipo anathawa osatsanzika. Kakowa kumtima anavina. Chaka chimodzi chinapita, Thobwa ali moyo.

Bwalo linakumananso. "Tsono titani?"

"Wawa amfumu," anatero Kakowa, "tinalakwa kumutsekera. Taonani a Mbidzi. Munawaonapo atawonda? Matako ali bulungunde chaka chonse. Nanga khola amalidziwa?"

"Khola n'chiyani?" anaseka a Mbidzi. "Ife timangoyenda."

Koma ndiye kuyendatu! A Mbidzi anamutenga Thobwa mamawa kupita naye kumene kuli msipu, masana kumene kuli madzi, ndipo malo awiriwa sanayandikane. Mapazi anapola, zimenezo tisaname. Thobwa anatalika, nyanga zinakula, chifuwa chinatambasuka. Koma mafuta onse amene ankapeza pa msipu wauwisi ankawasiya m'njira. Chilimwe chitafika, udzu utauma, zimene anaonjeza m'dzinja zinasungunuka. Dzuwa linkamuphika popanda mthunzi, nkhupakupa zinamudzadza m'makutu moti Kakowa ankadya mpaka kutopa nazo.

"Achemwali, ndatopa. Kodi tikupita kuti masiku onsewa?"

"Sitikupita kulikonse. Tikungothawa mpeni. Yenda."

Ndipo ankamuyimbira nyimbo ija ali pamsana, ya makutu otsitsa ndi msipu wosatha, Thobwa n'kumavomera uku akukoka miyendo.

A Muimba atabwera anajompha panthiti, mlomo unabwerera ngati ajompha mpini wa khasu. Anayesa pa ntchafu, khosi linawawawa.

"Amfumu, nyama ilipo, yambiri ndithu. Koma ndi mitsempha yokhayokha. Imeneyi ndi ya mano a fisi."

Nyalugwe anagwira chibwano chake mosazindikira, kenaka n'kuchotsa dzanja msanga. A Mbidzi anapitikitsidwa. Zaka ziwiri!

Apa Kakowa anayamba kudzimva. Bwalo lachitatu lisanakhazikike n'komwe, iye anali atayamba kale: "Wawa amfumu, taonani a Mfuko, amene amakhala mumdima mothinana..."

"Iwe, tseka kamlomo kako."

Anali Nyalugwe, atamuloza ndi chikhadabo.

"Kawiri konse ndamvera iwe, kawiri konse ndagona ndi njala. Ndakalamba mano, sindinakalambe mutu." Apo mfumu inazindikira kuti yaulula, koma inangopitiriza. "Ndiitanireni Tchete."

Tchete anali kambalame, mmisiri wa zisa, wopanda udindo uliwonse pabwalo, wosalankhulalankhula. Iye sanayang'ane a Njiri kapena a Mbidzi. Anachita chinthu chimene panalibe anachiganizapo: anapita kwa Thobwa mwini wake.

"Achimwene, chimakusowetsani mtendere n'chiyani?"

Kakowa anatsinzinira diso, anakhosomola, anakupiza mapiko. Kalanga ine, Thobwa sankadziwa kunama! Chibadwire panalibe anamufunsapo funso lotere, ndipo linamufika pamtima.

"Matope," anatero. "Ndi dzuwa la masana. Ndi kuyenda mtunda kufuna madzi. Ndimangofuna pouma poti ndigone, ndibzikule bwinobwino."

"Zokhazo?"

"Zokhazo."

Tchete anamanga khola pamalo okwera, pansi popendekeka pang'ono kuti mkodzo ndi madzi zizitsika zokha. Anafolera denga la udzu losadontha, koma m'mbali anasiya mipata kuti mphepo izipita. Kukula kwake kunali koti ng'ombe itembenuke, igone, idzuke osagunda mtengo. Pansi anayala mapesi ouma, akanyowa n'kumachotsa. Chodyera anagoba chipika n'kuchiika kunja kwa mitengo, kuti Thobwa azingotulutsa mutu osaponda chakudya. Munkalowa nsenjere zodula, masamba a mtedza, madeya ndi kamchere pang'ono. Madzi anali pomwepo.

Kakowa ataliona kholalo anadziwa kuti zavuta. Linali labwino, ndipo ubwino wakewo ndiwo unali imfa.

"Thobwa, usadye. Ukumva? Nunkhiza chabe."

Thobwa anayesa. Tsiku loyamba sanadye, lachiwiri ananyambita mchere wokha. Lachitatu Kakowa anamupeza mutu uli m'chipika, madeya ali mbuu pamphuno.

"Iwe! Ukudziwa chimene ukuchita? Ukudzinolera mpeni wekha!"

"Ndikudziwa, achemwali."

"Nanga bwanji?"

Thobwa anameza, n'kugona pa mapesi pang'onopang'ono, ngati nkhalamba. "Dzulo ndagona chammbali, miyendo yonse ndatambasula. Chibadwire sindinagonepo chotero. Palibe chikundiwawa, achemwali. Ndimayesa kuti kukhala moyo ndiye kumva kuwawa penapake."

Zaka ziwiri Kakowa ankawerenga masiku amene wamupulumutsira mlongo wake, koma sanafunsepo kuti masikuwo ankakoma bwanji kwa mwini wake. Zinamupweteka kwambiri. Tsiku limenelo anayimba nyimbo ija, ndipo Thobwa anavomera kamodzi kokha, tulo n'kumutenga.

Miyezi inayi inakwana. Nthiti zinabisika, msana unasalala, ubweya unayamba kunyezimira. A Muimba anajompha patsinde pa mchira, mlomo unalowa ngati m'papaya lakupsa.

"Amfumu, itanani mafumu."

Mowa unafululidwa, alendo anafika. Koma Kakowa anali asanathe. M'mawa wa tsikulo, Nyalugwe akupita kukhola, iye anatera patsogolo pake.

"Wawa amfumu. Mundidule khosi ngati ndikunama, koma funsani a Muimba. Nyama ya chinthu chofa ndi mantha imakhala yotani?"

A Muimba anakanda mutu wawo wadazi. Mitembo anali atadya yambiri, ndipo pa za ntchito yawo sankanama.

"Kambalameka kanena zoona, amfumu. Nyama yothamangitsidwa, yofa ikunjenjemera, imada bii, imauma, imalimba, ndipo sichedwa kuwonongeka. Yofewa ndi ya chinthu chimene chafa mtima uli m'malo."

"Ndiye mtima wake ukhale m'malo," anatero Nyalugwe.

Anayandikira khola. Fungo la nyalugwe litangomufika Thobwa, maso anatuluka, thupi lonse linayamba kugwedezeka, thovu kukamwa. A Muimba anamukhudza pakhosi.

"Lero ayi. Mupatseni masiku asanu ndi awiri, thupi libwerere."

Alendo anamwa mowa wopanda ndiwo. Masiku atakwana, Nyalugwe anadzola ndowe thupi lonse kuti fungo libisike. Tangoganizani, mfumu yathunthu! Thobwa anaona mawanga, n'kuyamba kunjenjemera. Masiku ena asanu ndi awiri. Kachitatu anatuma Fisi m'malo mwake, ndipo zinaipiratu, chifukwa Fisi anafika akuseka, dovu lili chuchuchu.

Kakowa anaona kuti wapambana. Nyama yofewa imafuna ng'ombe yopanda mantha, ndipo ndi ng'ombe iti ingaone wodya nyama osaopa? Msampha umenewu unalibe khomo. Anakwera padenga la khola n'kuyimba nyimbo yake mokweza, monyada, kuti dziko lonse limve. Thobwa, amene anali akunjenjemerabe ndi Fisi uja, anatsitsa makutu, anavomera katatu, n'kugona pansi phee, kuyamba kubzikula.

Nyalugwe anali chapatali, akuonerera. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana mbalame, n'kumwetulira ndi mano ake ogwederawo.

"A Muimba, mwaona zimene ndaonazi?"

"Ndaona, amfumu."

"Kakowa, tatsika." Kakowa anatsika. "Wandiphunzitsa zambiri, mwana iwe, ndipo ndikuthokoza. Mawa mmawa ine ndidzabisala kuseri kwa mtengo wa mkuyu, mphepo ikuchokera kwa Thobwa kubwera kwa ine. Iwe udzamutulutsa m'khola, udzakhala pamsana pake, udzamuyimbira mpaka afike. Ukakana, pangano latha. Ndiyamba ndi mayi ake, ndipo kaya nyama yawo ndi yolimba, ndidzaisiyira Fisi."

Mayo! Msampha anautchera yekha, nyambo yake n'kukhala iye mwini.

M'mawa mwake Tchete anachotsa mitengo ya pakhomo, osayang'ana munthu kumaso. Thobwa anatuluka, Kakowa ali pa linunda. Atayenda pang'ono anafika pamphambano, ndipo Kakowa anaweramira kukhutu kwake.

"Mlongo wanga, tamvera. Kumkuyu kuli Nyalugwe. Njira ya kumanzereyi ikupita kuthengo. Thawa. Za amayi ndikaganiza pena, nzeru sizinandithere."

Thobwa anaima. Anayang'ana njira ya kumanzere, kenaka miyendo yake.

"Achemwali, thupi ili silingathamange. Miyezi inayi ndakhala ndikungodya ndi kugona. Ndisanafike patali adzandigwira, ndipo ndidzafa ndikulira, amayi n'kutsatira."

"Ndikaputa njuchi zimubalalitse! Ndikanena kuti wadwala! Ndika..."

"Achemwali."

Thobwa anatembenuza mutu n'kumuyang'ana.

"Munandibera zaka ziwiri kwa mfumu. Zinali zowawa, koma ndinaona mvula kawiri, ndipo inu munalipo. Tchete anandipatsa miyezi inayi yokoma. Zonsezo ndalandira. Chatsala chimodzi, chimene wina aliyense sangandipatse. Ndikuopa, achemwali. Musandisiye ndipite ndikunjenjemera."

Kakowa anali atanamiza mfumu, nduna, a Njiri ndi a Mbidzi, ndipo sanachitepo manyazi. Koma apa analira, misozi n'kumagwera pa ubweya wonyezimira uja. Kenaka anakonza pakhosi, anayamba.

Akuti sanayimbepo bwino chotero. Anayimba motsitsa, osafulumira, mogwirizana ndi mapazi a mlongo wake. Makutu a Thobwa anagwa, mpweya unayamba kuyenda bwino. Anavomera koyamba, anavomera kachiwiri. Mkuyu unayandikira, Kakowa anaona nsonga ya mchira wamawanga ikugwedera kuseri kwake, koma mawu ake sanasinthe ngakhale pang'ono. Kuvomera kwachitatu Thobwa anakuyamba, sanakumalize.

Nyama yake inali yofiira bwino, mafuta oyera atalowerera mkati mwa mnofu. Nyalugwe anadya pamaso pa mafumu onse osavutika, ndipo alendo anati chiliza chotere sichinaonekepo. Pangano analisunga, ng'ombe kudambo anazisiya.

Koma pakamwa pakalawa zokoma sipaiwala msanga. Mwezi usanathe Nyalugwe anaitanitsa bwalo.

"Khola lilipo, mmisiri alipo, woyimba alipo. Ng'ombe zizipereka mwana chaka chilichonse. Kakowa, kuyambira lero ndiwe nduna yanga ya nyimbo. Tayimba timve."

Kakowa anaweramitsa khosi mwaulemu, anatsegula mlomo. Chimene chinatuluka ndi kukhosomola kouma, kokhadzula, konga chitseko chakale. Anayesanso, chimodzimodzi. Anamuopseza, anamunyengerera, anamumwetsa uchi ndi mankhwala a pakhosi. Ayi ndithu.

"Popanda nyimbo," anatero a Muimba, "ng'ombe idzafa ndi mantha, ndipo nyama yake mukuidziwa, amfumu."

Nyalugwe anamuyang'ana Kakowa nthawi yaitali. Kakowa naye anamuyang'ana, diso lili gwa. Mwana wachiwiri sanaperekedwe, ndipo m'khola muja munamera bowa.

Ena amati chisoni ndicho chinamudya mawu. Ena amati mawu alipo, anangowabisa, ndipo bodza limeneli ndilo lalikulu pa mabodza ake onse, loti akulisungabe mpaka lero. Ine musandifunse. Chimene ndikudziwa n'chakuti Kakowa anabwerera kudambo, anakapeza mayi ake a Thobwa akudya msipu, n'kuima pambali pa mwendo wawo.

"Anavutika?" anafunsa mayiwo, osadzutsa mutu.

Kakowa anapukusa mutu.

"Unalipo?"

Anagwedeza mutu.

Mayiwo anaponda patsogolo, chiwala chinavumbuluka mu udzu, ndipo Kakowa anangochiyang'ana chikupita. Anayenda nawo tsiku lonse, ali chete.

Yathera pompa. Kaoneni mbatata zanu pamoto zisanapserere, ine pakhosi pauma.